Tisanafuule kuti "tituluke", tikumbuke Chitaganya

Sabata ino mwayi wolemba wagwera ine, mayi wogulitsa zitenje mumsika wa Limbe. Si ine mphunzitsi wa mbiri yakale, sukulu ndinalekezera Fomu 4, koma nkhani ndabwera nayoyi yakhala ikundizungulira m'mutu, nde ndati bola ndiitule kwa inu.

Inayambira pa benchi. Tsiku lina malonda atazizira, anzanga awiri anayamba kukangana. Wina, amene amagulitsa sopo ndi mafuta ophikira, anati katundu wa ku Zambia, ku Tanzania ndi ku Joni wadzaza msika, mafakitale athu akufa, achinyamata akungokhala. Maganizo ake anali oti boma lingotuluka m'mabungwe awa a SADC ndi COMESA, titseke zipata, tizidya zathu. Mnzake, amene timakwera naye basi popita kokapikula zitenje, anamuyankha kuti, "Asisi, mukatseka chipata cha Songwe ndi cha Mchinji, ine ndizikaoda kuti? Ana angawa muzindidyetsera ndinu?" Aliyense anali ndi mfundo yake. Ine ndinangoti duu, n'kumawerenga tindalama ta tsikulo.

Ndiye taonani zimene zinali m'manja mwangamo. Pa K20 pali Inkosi ya Makhosi M'mbelwa II. Pa K50 pali Inkosi ya Makhosi Gomani II. Pa K100 pali a James Frederick Sangala, pa K200 mayi Rose Chibambo, pa K1000 a Kamuzu Banda. Anthu asanu onsewa, amene timawapinda n'kuwaika m'kachikwama ka m'chiuno tsiku ndi tsiku, anamenyapo nkhondo imodzi, yokana mgwirizano wa dziko lino ndi mayiko oyandikana nawo. Mkangano wa pa benchi pathu si wachilendo ayi. Agogo athu anaukangana kale, ndipo ena anafa nawo.

Mgwirizanowo unali Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Chinayamba mu 1953, chinatha pa 31 Disembala 1963. Chinamanga mtolo umodzi mayiko atatu: Southern Rhodesia, imene lero ndi Zimbabwe, Northern Rhodesia, imene ndi Zambia, ndi Nyasaland, kwathu kuno. Likulu linali ku Salisbury, Harare wa lero. Ndalama inali imodzi. Asilikali, positi, zipatala ndi msonkho wa pa chipata, zonse zinali m'manja mwa boma la Chitaganya. Katundu ankachoka ku Bulawayo kufika ku Blantyre osalipira kasitomu. Kwa munthu wa geni ngati ine, zikumveka zokoma, eti?

Ndipo amene ankati tikhalemo, tisawanamizire, mfundo anali nazo. Pa mayiko atatuwo Nyasaland ndiye inali yosaukitsitsa. Inalibe migodi. Inkadalira fodya, tiyi, thonje, ndi manja a anthu ake opita kukagwira ntchito ku Rhodesia ndi ku Joni. Northern Rhodesia inali ndi kopa, ndipo pamene Chitaganya chinkayamba kopa anali pa mtengo wabwino. Southern Rhodesia inali ndi mafakitale. Msonkho wa kopa unkalowa m'thumba limodzi, gawo lina n'kufika kuno, moti boma la Chitaganya linkagwiritsa ntchito ndalama zambiri ku Nyasaland kuposa zimene linkatolera kuno. Chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ku Gulupu kuja, chinatsegulidwa mu 1958, Chitaganya chili pakati. Mfundo ya a Roy Welensky, nduna yaikulu ya Chitaganya kuyambira 1956, inali yoti Nyasaland payokha singaime. Sanali azungu okha oganiza choncho. A Charles Matinga, amene anakhalapo mtsogoleri wa Nyasaland African Congress, anafika povomereza Chitaganya.

Agogo anga aakazi, kwathu ku Ntcheu, mtima wawo unali chakomweko, ngakhale sankanena poyera. Amuna awo anali ku Salisbury, ankaphika m'nyumba ya mzungu. Ndalama ya msonkho, ya mchere, ya nsalu, inkabwera pa positi kuchokera kumeneko. Ankandiuza ndili mtsikana kuti anthu akamaimba zoti Chitaganya chithe, iwo ankaimba nawo pakamwa pokha, mumtima akudzifunsa kuti, chikatha n'kuwathamangitsa bambowa, ine ndi ana tidzadya chiyani? Funso lomwe lija la mnzanga wa pa benchi.

Koma chodabwitsa n'chakuti agogo aamunawo, eni ake olandira ndalama ya ku Salisbury, ndi amene ankadana nacho Chitaganya koopsa. Iwo anaona ndi maso. Ku Southern Rhodesia lamulo la 1930 linagawa nthaka, pafupifupi theka la dziko, kuphatikizapo malo achonde, n'kupita kwa azungu ochepa. Munthu wakuda ankayenda ndi chitupa m'thumba. M'masitolo ena ankagulira pawindo, ndalama yake ilowe koma iye asalowe. Amuna zikwizikwi obwerako ankasimba zimenezi pa bwalo, nde anthu akuno ankadziwa bwino lomwe nyumba imene akuwakokeramo. N'chifukwa chake ngakhale kale mu 1938, pamene bungwe la Bledisloe linazungulira kufunsa za kuphatikiza mayikowa, anthu akuda akuno anakana. Mafumu ankati mu 1891 dziko lino linalowa pansi pa chitetezo cha Britain, sikuti linaperekedwa kuti Britain akalipatse azungu a ku Salisbury.

Tsopano tibwere pa sikelo, poti ife amumsika timayamba tayang'ana kuti sikelo wagwira ndani. Nyumba ya malamulo ya Chitaganya inayamba ndi mipando 35. Anthu akuda, amene anali oposa 6 miliyoni m'mayiko atatuwo, anapatsidwa mipando 6 yokha, iwiri dziko lililonse. Azungu sankafika ngakhale 250,000, koma mphamvu yonse inali yawo. Pakamwa ankati ndi ubwenzi wa mitundu, koma a Godfrey Huggins, nduna yaikulu yoyamba, amakumbukika poufanizira ubwenziwo ndi wa hatchi ndi munthu wokwerapo. Inu mukuona ngati hatchiyo anali ndani?

Phindu la msika umodzi lija nalonso silinkagawidwa mofanana. Msonkho wa pa chipata unaikidwa moteteza mafakitale a ku Salisbury ndi ku Bulawayo. Nsalu ndi katundu wina wotchipa wochokera kunja kwa Chitaganya anakwera mtengo, kuti mlimi wa ku Nyasaland azigula za ku Rhodesia. Mafakitale atsopano ankamera komweko, kuno kumangochoka anthu. Ngongole zikuluzikulu zinapita ku damu la Kariba pa Zambezi, limene linatha mu 1959 litasamutsa anthu a mtundu wa Chitonga oposa 50,000, pamene mapulani aakulu a mtsinje wa Shire anatsalira pa pepala. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Anthu sanadikire kuti Chitaganya chikhazikike. Kumayambiriro kwa 1953 mafumu anapita ku London kukadandaula, koma anabwerako chimanjamanja. Inkosi Gomani II, mfumu ya kwathu, inauza anthu ake kuti asamvere malamulo ena a boma. Boma linaichotsa pampando. Inayesa kuthawira ku Mozambique pamodzi ndi mbusa wachingelezi Michael Scott, koma Apwitikizi anawabweza, ndipo mfumuyo inamwalira mu 1954. Chaka chomwecho cha 1953 kunabuka zipolowe ku Thyolo ndi madera ena a kummwera, pamene mkwiyo wa Chitaganya unasakanikirana ndi wa thangata ndi wa malo, ndipo anthu 11 anaphedwa. Chitaganya chinakhazikitsidwabe. Palibe anafunsa agogo anu kapena anga.

Mbali imene imandikoka mtima kwambiri ndi mkangano wa m'kati mwa Congress momwe. A Wellington Manoah Chirwa ndi a Clement Kumbikano ndiwo anatenga mipando iwiri ija ya anthu akuda a ku Nyasaland ku Salisbury. Onse anali a Congress. A Chirwa sankachifuna Chitaganya, ndipo ankachidzudzula m'nyumba ya malamulo momwemo. Mfundo yawo inali yoti mpando ukausiya, pakhala wina amene azingogwedeza mutu, bola kumenyera m'kati. Achinyamata monga a Henry Chipembere ndi a Kanyama Chiume, amene analowa nyumba ya malamulo ya ku Zomba mu 1956, ankati kukhala pampandowo n'kuvomereza Chitaganya, n'kuwapatsa azungu chonamizira kuti anthu akuda nawonso alimo. Mu 1957 Congress inawachotsa awiriwo m'chipani atakana kutula pansi. Amene munakhalapo mu banki mkhonde imene mabuku ake akukayikitsa mukulidziwa funsoli: ndikhalemo kuti ndizilankhula pa msonkhano, kapena ndichotse masheya anga? Yankho limatengera chinthu chimodzi, ngati kulankhula kwanuko kungasinthe kanthu. Pa mipando 35, mawu a anthu 6 sakanagwetsa lamulo lililonse.

Achinyamata aja ndiwo anaitana Dr Hastings Kamuzu Banda, amene anatera pa Chileka pa 6 Julayi 1958. Misonkhano yake inkadzaza, ndipo Chitaganya ankachitchula kuti chopusa. Pa 3 Malichi 1959 bwanamkubwa Robert Armitage analengeza kuti dziko lili pa ngozi, Congress inaletsedwa, ndipo asilikali ena anachokera ku Southern Rhodesia. A Kamuzu anawatengera kundende ya Gwelo, Gweru wa lero. Anthu oposa 1,300 anamangidwa, ambiri n'kusungidwa ku Kanjedza, pafupi pomwepa ndi pamene ndimagulitsira. Mayi Chibambo anawatenga atangobereka kumene, khanda lili m'manja. Ku Nkhata Bay khamu linasonkhana pa doko pofuna kuti abale awo amene anatsekeredwa m'sitima ya Mpasa amasulidwe, asilikali anaombera, ndipo anthu osachepera 20 anafa. Pa chiwerengero cha boma, onse ophedwa m'dziko muno pa nthawiyo anali 51. Holide ya pa 3 Malichi ija, imene ena timangoitenga ngati tsiku lochapa, inachokera pamenepo.

Mfuti zinachita zimene Chitaganya sichinkafuna. Woweruza milandu Patrick Devlin, amene boma la Britain linamutuma kudzafufuza, analemba mu 1959 kuti Nyasaland yasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi, ndipo anapeza kuti kudana ndi Chitaganya kunali ponseponse. A Orton Chirwa ndi anzawo anayambitsa Malawi Congress Party chaka chomwecho. A Kamuzu anatulutsidwa pa 1 Epulo 1960. Bungwe la Monckton, limene linatumidwa kuti lione tsogolo la Chitaganya, linanena mu 1960 kuti mayiko apatsidwe mwayi wotuluka. Pa zisankho za Ogasiti 1961 chipani cha MCP chinapeza mipando 22 mwa 28 yovoteredwa. Mu Disembala 1962 nduna ya ku Britain R.A. Butler inalengeza kuti Nyasaland iloledwa kuchoka. Msonkhano wa ku Victoria Falls mu 1963 unakambirana zogawana katundu ndi ngongole, ndipo chaka chikutha Chitaganya chinaikidwa m'manda. Ufulu unabwera pa 6 Julayi 1964.

Kusukulu nkhaniyi inkathera pamenepa, ndi mbendera ndi nthungululu. Koma wa geni aliyense amadziwa kuti tsiku silinathe usanawerengere zotuluka. Walira mvula walira matope.

Matope anayamba Chitaganya chisanathe n'komwe. Poti zaumoyo zinali za Chitaganya, mu 1960 anthu m'madera ena ankathawa katemera wa nthomba, matendawo ali m'midzi. A Kamuzu anakana kuti magetsi a pa Nkula amangidwe ndi ndalama za Chitaganya, ndipo anadzayaka mu 1966. Chitatha, zipatala, positi ndi asilikali zinagwera boma la ku Zomba, limene thumba lake linali lobooka. Dziko linafunika ndalama yakeyake ndi banki yake yaikulu, ndipo linasenza gawo la ngongole za Chitaganya. Britain ndiye ankathira ndalama zokwaniritsira bajeti mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Mu 1964 boma linaika tiki, mapeni atatu, yolipira munthu akapita kuchipatala, ndipo tiki imeneyo inali imodzi mwa nkhani zimene nduna zinakangana nazo ndi a Kamuzu. Pofika Seputembala 1964, patangotha miyezi iwiri chilandirireni ufulu, a Chiume, a Orton Chirwa ndi mayi Chibambo anali atachotsedwa, a Chipembere ndi ena atatula pansi. A Welensky ananama poti sitingaime, koma pa zoti kudzakhala kowawa sananame.

Pali matope ena amene sitikonda kuwatchula. Nthawi ya nkhondoyo aliyense wofunsa funso la agogo anga aakazi ankatchedwa kapirikoni, dzina lochokera ku bungwe la Capricorn limene anthu ankaliona ngati la ogulitsa anzawo. Ena anamenyedwa, ena kuwotcheredwa nyumba. Chizolowezi chimenecho, choti wosiyana nafe maganizo ndi mdani, sichinathe ndi Chitaganya. Chinalowa nafe mu ufulu. Mu 1966 dziko linakhala la chipani chimodzi, mu 1971 pulezidenti anakhala wamuyaya, ndipo tinadzatsegulanso pakamwa pa riferendamu ya 1993.

Chinanso n'chakuti tinatuluka m'Chitaganya koma mapu sanasinthe. Njanji inkapitabe ku Beira. Katundu wa m'masitolo ankachokerabe ku Salisbury ndi ku Johannesburg. Amuna ankapitabe ku migodi kudzera ku Wenela mpaka 1974, pamene ndege inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 obwerera kwawo. Mu 1967 boma linapalana ubale ndi South Africa ya tsankho, imene inabwereketsa ndalama zoyambira kumanga likulu la Lilongwe. Agogo anga aamuna sanathamangitsidwe ayi. Anagwirabe ntchito zaka zingapo, n'kubwera ndi mashini osokera amene mayi anga anaphunzirirapo. Mng'ono wawo ndiye anachona, ndipo zidzukulu zake zinavutika zaka zambiri ndi nkhani ya unzika ku Zimbabwe, dziko limene zinabadwira.

Kodi ndiye analakwitsa kutuluka? Ine ndikuti ayi, ndipo ndikanakhalako bwenzi nditaimba nawo ndi mtima wonse. Taonani zimene zinachitika ku Salisbury pa 11 Novembala 1965, pamene Ian Smith anadzilengezera ufulu wa azungu ochepa, ndi nkhondo imene inatsatira mpaka ufulu wa Zimbabwe mu 1980. Tikanakhala tili mumtolo womwewo, moto umenewo ukanatipsereza ndi ife. Kutuluka kunatipatsanso mpata woyamba zathu, monga fakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre, yoomba thonje lathu lomwe. Agogo athu sanakane kugulitsana ndi Zambia kapena Zimbabwe. Anakana kukhala m'gulu limene anawalowetsamo osawafunsa, limene sikelo inali m'manja mwa wina, limene linalibe khomo lotulukira.

Umboni wake ndi uwu. Mu 1980, ku Lusaka, Malawi anali mmodzi wa mayiko asanu ndi anayi oyambitsa bungwe limene mu 1992 linasanduka SADC, ndipo Zambia ndi Zimbabwe analinso momwemo. COMESA inakhazikitsidwa pa msonkhano wa ku Lilongwe mu 1994. Anzathu omwe aja a m'Chitaganya, koma ulendo uno tinalowa ndi mapazi athu, dziko lililonse ndi mpando wake, ndipo khomo lilipo. Tanzania anatuluka mu COMESA mu 2000, palibe anamutumizira asilikali. Koma naye anatsala mu SADC, poti mutu umodzi susenza denga.

Nde kwa mnzanga wa sopo uja, ndi kwa inu amene mukugwirizana naye, ndikuti dandaulo lanu ndi loona. Kuwawa kwake kogula chitenje kunja pamene thonje limalimidwa ku Chikwawa ndi ku Balaka ndimakumva ine ndemwe pa chipata. Koma musanafuule kuti tituluke, yankhani mafunso atatu amene mbiriyi yandisiyira. Kodi m'gulumo tili ndi mawu kapena tilibe? Ngati mpando tili nawo koma timapita kumsika wa mayiko ndi dengu lopanda kanthu, vuto ndi gululo kapena dengu lathu? Nanga tikatuluka, tiki ya ulendo uno adzalipira ndani? Ine ndikudziwa kuti si a mataye. Ndi mayi wa tomato wa ku Jenda, mlimi wa mpunga wa ku Karonga, ndi dalaivala wa thiraki ya mafuta yochokera ku Dar es Salaam kapena ku Beira, poti dziko lathu lilibe doko la panyanja ya mchere. Mu 1963 mtengo unali waukulu koma chogulidwacho chinali ufulu. Lero ndiuzeni chimene tingagule ndi mtengo woterowo, ndipo ngati chili chooneka, ndidzakhala woyamba kukumverani.

Chomaliza n'chopempha. Tikamakangana za izi, wofunsa za nsima ya ana ake tisamutche kapirikoni. Agogo anga aakazi anasunga funso lawo mumtima zaka zoposa makumi atatu chifukwa cha mantha, pamene linali funso labwinobwino lofunika yankho. Amene muli ndi agogo amene anaona Chitaganya, kawafunseni akadali moyo kuti iwo anali mbali iti, ndipo chifukwa chiyani. Mudzatiuze zimene akakuyankheni. Ine ndathawa, mawa m'mawa ndi ulendo wokapikula.